Mtovu ndi Chipolopolo: Mbiri ya Mpikisano wa Akavalo wa ku Durban

 Nkhani yathu madzulo ano ndi ya mbiri yakale. Iyambira pa Kanjedza pompano, pakati pa Limbe ndi Chichiri, koma itifikitsa kutali ndithu, kugombe la nyanja yamchere mumzinda wa Durban.

Mukayenda m'misewu ya Kanjedza Loweruka masana, kapena mukatsikira cha kumsika wa Limbe, mudzaona anyamata ataunjikana pamakomo a nyumba zobetcherako, ena atawerama pa mafoni awo ngati ali pa pemphero. Ambiri amabetcha pa mpira wa ku Ulaya, ndipo ena amatsata kandege kaja kamene kamauluka n'kuzimirira ndi ndalama za anthu. Akuluakulu akamadutsa amapukusa mitu, amvekere zimenezi n'zachilendo, zabwera ndi ana a masiku ano. Pamenepo ine sindivomereza kwenikweni. Agogo a anyamata omwewa, amene anakagwira ntchito ku Joni ndi ku Halale, nawonso ankabetcha, kungoti iwo ankabetcha pa akavalo, amene ambirife timati mahatchi.

Mmodzi wa iwo anali malume anga. Iwo anapita selefu, osadzera ku Wenela, nakagwira ntchito yophika m'hotela ina ku Durban zaka zambiri, ndipo atabwerako anadzakhala pa Kanjedza mpaka tsiku la imfa yawo. M'sutikesi mwawo, pansi pa jekete limene ankavala popita kutchalitchi, munali katikiti ka chaka cha 1966, kofiirira ndi ukalamba. Kuti timvetse chimene munthu wamkulu anasungira kapepala kopanda ntchito kotere, tiyambe tamva za kavalo, za mtovu ndi za ndalama.

Dziko lathu lino silinakhalepo dziko la akavalo. Kashembe ankawapha, ndiponso nthenda ina ya akavalo imene imafala ndi tizilombo touluka usiku, tochepa kuposa udzudzu. N'chifukwa chake Azungu oyamba a mu Nyasaland, amene kwawo ankanyadira kukwera kavalo, kuno ankanyamulidwa m'machila pamapewa a makolo athu. Ku Zomba anatsegula kalabu naitcha Gymkhana, dzina lokumbutsa masewera a pa akavalo, koma mpikisano wa nyamazi sunazike mizu kuno monga unachitira kumwera. Mmalawi wamba ankamumva kavalo m'Buku Lopatulika, pa nkhani ya magaleta a Farao. Nyama imene ankaidziwa ndi maso inali bulu wokoka ngolo ku Dedza ndi ku Lilongwe.

Kumwera zinali zina. Mzinda wa Johannesburg unabadwa ndi golide m'chaka cha 1886, ndipo chaka chotsatira chomwecho, 1887, bwalo la akavalo la Turffontein linali litatsegulidwa kale kufupi ndi migodi. Ku Salisbury, kumene makolo athu ankati ku Halale, bungwe la Mashonaland Turf Club linayamba m'chaka cha 1892, mzindawo uli ndi zaka ziwiri zokha. Pambuyo pake bungweli linasamukira kubwalo la Borrowdale, kumene mpikisano wotchuka wa Castle Tankard unayambika m'chaka cha 1960. Tsono pali mfundo ina yofunika. M'chaka cha 1965 boma la South Africa linakhazikitsa lamulo loletsa juga ya mtundu uliwonse, kupatula kubetcha pa akavalo, kumene ankati ndi masewera a nzeru osati a mwayi. M'makomboni anthu ankatchovabe fafi mobisa, kumasulira maloto awo kukhala manambala, koma wofuna kuponya ndalama yake poyera, osaopa wapolisi, njira yake inali imodzi basi: kavalo.

Kavalo wa mpikisano ali ndi mtundu wakewake, wotchedwa Thoroughbred. Ife Achewa timawerenga mbumba kuchikazi, koma mukatsata akavalowa kuchimuna mudzapeza kuti onse, dziko lonse lapansi, anachokera kwa atonde atatu amene anafika ku Mangalande zaka zoposa mazana awiri ndi theka zapitazo: Byerley Turk, Darley Arabian ndi Godolphin Arabian. Kuyambira m'chaka cha 1791 maina a makolo ndi ana awo akhala akulembedwa m'buku lotchedwa General Stud Book, ndipo kavalo amene makolo ake sapezeka m'mabuku otere saloledwa pa mipikisano ya mtunduwu, ngakhale atakhala ndi liwiro la mphezi. Poyamba eni akavalo ankasonkha ndalama pamodzi, mwini wa kavalo wopambana n'kutenga zonse. Msonkhamsonkha umenewu ndiwo unapatsa mipikisano ikuluikulu dzina lakuti stakes, ngakhale kuti pambuyo pake mphotho yambiri inayamba kuchokera kwa eni mabwalo ndi kwa makampani ofuna kutchukitsa malonda awo.

Koma panabuka vuto. Kavalo mmodzi akakhala woposa anzake onse, mwini uti angalipire ndalama kuti wake akangotsatira fumbi? Nanga ndani angabetche pa mpikisano umene ngakhale mwana akudziwa wopambana wake? Yankho limene anapeza ndi mtovu. Pa mpikisano wa mtundu wotchedwa handicap, pamakhala mkulu amene ntchito yake ndi kugawira akavalo kulemera kumene aliyense adzasenze. Iye amaona mmene kavalo aliyense wakhala akuthamangira. Wamphamvu amamusenzetsa zambiri, wofooka zochepa. Kulemerako ndi kwa wokwera pamodzi ndi chishalo chake, ndipo ngati sikukukwana, amalonga timapale ta mtovu m'nsalu ya matumba imene amayala pansi pa chishalo. Wokwera amakwera pa sikelo asanapite kukathamanga, ndipo akangotsika pa kavalo amakweranso pa sikelo yomweyo. Akapezeka kuti wapepuka, ndiye kuti kupambana kwake kwafafanizidwa.

Munthu amene anakonza bwino ntchito imeneyi ndi Admiral Henry John Rous, msilikali wa zombo wa ku Mangalande, amene anapatsidwa udindo wogawa zolemera m'chaka cha 1855. Iye anakonzanso ndondomeko yosonyeza mmene kavalo wamng'ono ayenera kupeputsidwira poyerekeza ndi wamkulu, malinga ndi zaka zake, mwezi wa chaka ndi kutalika kwa mtunda. Ndondomekoyi, ngakhale yasinthidwa apa ndi apo, ndiyo maziko a zimene mabwalo akutsata mpaka lero. Odziwa amati pa mtunda wa makilomita awiri, mapaundi awiri a kulemera, kapena kucheperako pang'ono, amabweza kavalo m'mbuyo ndi utali wa thupi lake limodzi. Motero loto la wogawa zolemera ndi lakuti akavalo onse, khumi ndi asanu kaya makumi awiri, adutse mzere womaliza mphuno zawo zitalingana ngati mano a chipeso.

Taganizani, omvera, kudabwitsa kwake kwa zimenezi. Munthu mmodzi akulipidwa kuti achititse mpikisano kukhala wosadziwika mathero ake, pamene anthu zikwizikwi akulipira ndalama zawo ponena kuti iwo akuwadziwa matherowo. Wobetcha wochenjera amagwira ntchito yomwe ija ya wogawa zolemera, koma mobwerera: amawerenga mbiri ya kavalo aliyense, mtunda umene amaukonda, kaya bwalo n'louma kapena lonyowa, khomo limene adzatulukire poyamba, luso la wokwera, zonsezi pofuna kupeza pamene mkulu uja walakwitsa masamu ake. Ndiponso eni akavalo ena sakhala oyera m'manja. Kuyambira kalekale alipo amene amathamangitsa kavalo asanakhwime bwino, kapena pa mtunda wosamuyenera, kuti aoneke wofooka, mtovu wake uchepe, adzadzidzimutse anthu tsiku la mphotho yaikulu. Anyani aonana zikang'a, ndipo pa bwalo la akavalo aliyense amayang'ana mnzake ndi diso limodzi.

Mpikisano wa handicap woposa yonse kumwera kuno kwa Afrika ndi Durban July, umene machona ankangoti Julayi. Umachitika pa bwalo la Greyville, kawirikawiri Loweruka loyamba la mwezi wa Julayi. Unayamba m'chaka cha 1897 pa mtunda wa mailo imodzi, ndipo kavalo wotchedwa Campanajo anapambana chaka chimenecho ndi chotsatira chake. Mtunda unakhala ukuonjezedwa mpaka unafika pa mamita 2,200 m'chaka cha 1970. Malume ankasimba kuti sabata la Julayi m'khitchini mwa hotela simunkamveka nkhani ina. Wotsuka mbale, woperekera zakudya ndi bwana mkubwa yemwe, aliyense anali ndi kavalo wake. Koma pofika pabwalo ankasiyana pachipata, pakuti masiku a tsankho aja Azungu anali ndi malo awo ndipo anthu akuda ndi Amwenye anali ndi awo.

Njira zobetchera zinali ziwiri, ndipo nkhani yathu siingamveke popanda kuzisiyanitsa. Yoyamba ndi ya thumba limodzi, imene amaitcha tote. Anaiyambitsa ndi Joseph Oller ku Paris m'zaka za m'ma 1860, ndipo makina oyamba owerengera mabetcha otere anapangidwa ndi George Julius naikidwa pa bwalo la Ellerslie ku New Zealand m'chaka cha 1913. Ndalama za onse zimaponyedwa m'thumba limodzi, eni bwalo ndi boma n'kutapapo gawo lawo, zotsalazo n'kugawidwa kwa amene alasa. Tiyerekeze ndi ndalama zathu: anthu aponya K100,000, ndipo K20,000 yatapidwa. Ngati kavalo wopambana anali ndi mabetcha a K40,000, ndiye kuti K80,000 yotsalayo igawidwa kwa iwo, kwacha iliyonse n'kubala makwacha awiri. Mwini thumba sasamala kuti wapambana ndani, pakuti gawo lake amatapa akavalo asananyamuke n'komwe.

Njira yachiwiri ndi ya munthu wa buku, amene amalemba mabetcha payekha. Iyeyu amatchula mtengo: ukaika randi imodzi pa kavalo uyu, akapambana ndidzakupatsa khumi. Mtengowo ukalembedwa susintha. Nzeru yake ndi yakuti alandire ndalama pa akavalo onse molingana bwino, kuti aliyense amene apambane, zolipira zichepe kuposa zolandira. Koma buku la Julayi linkatsegulidwa miyezi ingapo mpikisano usanafike. Wa buku akatchula mtengo wokoma pa kavalo amene pambuyo pake aoneka kuti alibe mnzake, ndipo anthu onse n'kukhamukira kwa kavalo yemweyo, ndiye kuti munthuyo wadzikumbira dzenje. Wa thumba amagona tulo. Wa buku amatha kuchezera usiku wonse.

Zoterezi ndizo zinachitika m'chaka cha 1966. Kunali kavalo wotchedwa Sea Cottage, wobadwa m'chaka cha 1962, amene ankaphunzitsidwa ndi Syd Laird, katswiri amene pa moyo wake anapambana Julayi kasanu ndi kawiri. Sea Cottage anali ndi khalidwe lotsalira m'mbuyo mpikisano ukamayamba, anthu mitima ili m'mwamba, kenaka n'kutulukira ngati kamvuluvulu pa chigawo chomaliza. Anthu a mitundu yonse anamukonda, ndipo ndalama zinakhuthukira pa dzina lake.

Tsono m'mawa wina m'mwezi wa Juni, patatsala masabata atatu kuti Julayi achitike, akavalo a m'khola la Laird anali pa ulendo wawo wa masiku onse wopita kumchenga wa kunyanja kukaongola miyendo. Atafika cha ku Blue Lagoon, pafupi ndi pamene mtsinje wa Umgeni umathira m'nyanja, kunamveka kulira kwa mfuti. Munthu amene anabisala anaombera Sea Cottage, chipolopolo n'kulowa m'thako. Madokotala a ziweto ataona kuti kuchichotsa kukhoza kuononga kavaloyo koposa, anachisiya momwemo, ndipo anakhala nacho m'thupi moyo wake wonse. Woomberayo anagwidwa nalamulidwa kukhala m'ndende zaka zisanu ndi chimodzi. Munthu wina wa buku, amene ankaganiziridwa kuti ndiye anamutuma, anazengedwa mlandu koma khoti silinamupeze wolakwa. Komabe panalibe amene anakayika chimene kavaloyo anaomberedwera: analipo anthu amene akanagwa mphuno ndi ngongole iye akanapambana.

Chodabwitsa n'chakuti bala linapola msanga, ndipo tsiku la Julayi Sea Cottage anaima pa mzere ndi anzake. Apa ndi pamene malume anagula katikiti kaja. Mnzawo wina wa ku Nkhata Bay, woperekera zakudya m'hotela momwemo, amene ankasunga kabuku kolembamo liwiro la akavalo, anawaletsa. Anawauza kuti kavalo amene waphonya masiku ophunzira, ali ndi chitsulo m'thako, sabetcheredwa malipiro a sabata lathunthu. Malume sanamve. Ankati munthu amene analira atamva za kuomberedwa kwa kavaloyo sakanatha kuika ndalama yake pa kavalo wina. Sea Cottage anathamanga molimba mtima, anatsekerezedwa njira pamene ankati ayambe kutulukira, ndipo anamaliza wachinayi. Wopambana anali Java Head, wa m'khola lomwelo la Syd Laird. Malipiro a sabata anapita, ndipo mwezi umenewo kumudzi sikunafike kanthu.

Chaka chotsatira, 1967, Sea Cottage anabweranso, atapambana mipikisano ina ikuluikulu. Ulendo uno mdani wake sanali wobisala patchire. Anali mkulu wogawa zolemera, atakhala pa desiki ndi pensulo yake. Anamusenzetsa mapaundi 127. Pakati pa opikisana naye panali kavalo wocheperapo msinkhu wotchedwa Jollify, amene anapatsidwa mapaundi 100 okha. Kusiyanako ndi mapaundi 27, kapena kuti makilogalamu 12. Inu alimi mukudziwa kulemera kwa ndowa ya chimanga; tsono tengani kupitirira theka la ndowayo, mumusenzetse wothamanga mmodzi, mnzake ali chimanjamanja, pa mtunda woposa makilomita awiri. Mwa masamu aja tanena, Sea Cottage anali ngati wayambira m'mbuyo ndi utali wa akavalo oposa khumi.

Pokhota komaliza Jollify, atakweredwa ndi John Gorton, anali kutsogolo, pamene Sea Cottage, atakweredwa ndi Robbie Sivewright, anali akadali kutali m'mbuyo. Kenaka anayamba kuwameza anzake mmodzimmodzi, khamu lonse likufuula, mpaka anamupeza Jollify pa mzere penipeni. Oweruza anayang'ana chithunzi cha kamera ya pamzere nthawi yaitali, koma sanathe kulekanitsa mphuno ziwirizo. Analengeza kuti onse awiri apambana. Aka kanali koyamba m'mbiri ya Julayi kuti zitere, ndipo zinadzachitikanso patapita zaka 41, m'chaka cha 2008, pakati pa Pocket Power ndi Dancer's Daughter.

Anthu amakumbukira tsikuli ngati tsiku la Sea Cottage, ndipo n'zoona, pakuti kavalo wosenza mtolo wotere, ali ndi chipolopolo m'thupi, ndi ngwazi ndithu. Pa mipikisano 24 imene anathamanga anapambana 20. Koma kuona kwanga, amene anapambana kwenikweni tsiku limenelo ndi mkulu wa pensulo uja. Anayesa kavalo woposa onse m'dzikomo, nayesanso kavalo wamng'ono, nati kusiyana kwawo ndi mapaundi 27, osati 26 kapena 28, ndipo kamera inamuvomereza. Loto lija la Admiral Rous linakwaniritsidwa, ngakhale kuti pa akavalo awiri okha. Malume anabetchanso pa Sea Cottage chaka chimenecho, ndipo ulendo uno analasa. Koma akavalo awiri akafika pamodzi, thumba limagawidwa pawiri, ndiponso kavalo wokondedwa ndi onse amakhala ndi pakamwa pambiri pomudyera. Zimene analandira pawindo, ankatero akuseka, zinangokwana basi yobwererera ku hotela ndi buledi mmodzi.

Njira ya ku Joni inayamba kutsekeka pa 4 Epulo 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kumudzi kuchokera kumigodi. Boma la Dr. Kamuzu Banda linaletsa kulemba anthu ntchito ya kumigodi. Inayambanso m'chaka cha 1977 pansi pa dzina la Theba, koma inadzatheratu cha m'ma 1988. Dzina la Wenela linatsalira pa depoti ya mabasi mu Blantyre, ndipo nkhani za Julayi zinatsalira m'kamwa mwa madoda amene ankaothera dzuwa pakhonde.

Mpikisanowo sunaime. M'chaka cha 2002 unatengedwa ndi kavalo wamkazi wobadwira ku Zimbabwe, Ipi Tombe, amene anayambira kuthamanga pa Borrowdale pomwe paja, pamene ana a machona a ku Mbare ndi ku Highfield ankapita kukaonerera. Chaka chotsatira anakapambananso ku Dubai. Ndipo m'chaka cha 2013, patatha zaka 116 chiyambire Julayi, S'manga Khumalo, mnyamata wa ku KwaMashu mu Durban momwemo, anakhala munthu wakuda woyamba kupambana mpikisanowu, atakwera kavalo wotchedwa Heavy Metal. Kwa zaka zonsezo anthu akuda ndiwo ankadzuka mbandakucha kusesa makola, kupesa akavalo ndi kuwaperekeza kumchenga, koma pa chishalo tsiku lalikulu pankakhala ena. Malume sanakhale ndi moyo kufikira tsikulo.

Kuno kwathu Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyendetsa masewera a ndalama m'chaka cha 1996, ndipo m'chaka cha 2022 linalowedwa m'malo ndi lina lophatikiza juga ndi malotale pansi pa bungwe limodzi. Mpikisano wa akavalo tilibebe, koma njira ziwiri zija zinafika ndipo zili m'thumba la mnyamata aliyense wa foni. Manambala amene amaonekera pambali pa dzina la timu ya mpira ndi mtengo uja wa munthu wa buku, ndipo phindu la mwini buku linawerengeredwa kale mkati mwake.

Tsiku lina ndili mnyamata ndinawafunsa malume chifukwa chimene anasungira tikiti ya 1966, chaka chimene analuza, m'malo mosunga ya 1967 imene anapambana nayo. Anandiyang'ana ngati ndafunsa za kumwezi, nandiuza kuti tikiti yopambana munthu amaipereka pawindo polandira ndalama, ndipo yobwera nayo kunyumba ndi yoluza yokhayo. Sea Cottage anafa m'chaka cha 1987, chipolopolo chija chikadali m'thako. Katikiti ka malume tinakapezanso m'sutikesi muja pogawa katundu wawo, ndipo kali ndi ine pa Kanjedza pano. Tsalani bwino, omvera.